Akuti Malova Salipira Msonkho: Yankho Lathu



Awa ndi mawu omwe tinayankhula pa mkumano wathu wa Loweruka. Ambiri mwadandaula kuti voisi ija ndi yaitali ndipo ikudya bandulo, ndiye tawalemba kuti aliyense awerenge yekha. Mukamaliza mutumizireko anzanu, makamaka omwe sanabwere chifukwa chosowa thiransipoti.

Sabata yathayi pachitika zinthu ziwiri. Choyamba, mkulu wina poyankhula pa wailesi anati achinyamata omwe akuchita phokoso pa nkhani ya misonkho ndi malova, salipira ngakhale tambala, ndiye akhale chete. Chachiwiri, pagulu lathu lomwe lino anzathu ena atapsa mtima analemba kuti msonkho ndi kuba basi, tileke kulipira, odulitsa ziphaso m'misika tiziwathamangitsa. Wina anafika ponena kuti tikaotche toll gate. Tikufuna tiyankhe mbali zonse ziwiri, chifukwa onse aphonya pamalo amodzi. Onse akuganiza kuti ndalama ya msonkho ikangotuluka m'thumba mwathu yasanduka ya boma. Ife tikuti ayi. Imakhalabe yathu. Boma timangolisungitsa.

*1. Lova amalipira msonkho tsiku lililonse*

Tiyambe ndi bwana a pawailesi aja. Bwana, n'zoona ambiri mwa ife sitili pantchito. Enafe madigiri ali m'sutikesi, chaka chachiwiri tsopano tikungoyenda ndi maenvelopu a khaki. PAYE, msonkho wodula pamalipiro uja, sitilipiradi, chifukwa malipirowo palibe. Koma PAYE si msonkho wokhawo m'dziko muno.

Foni yomwe mukuwerengera uthengawu ili ndi bandulo. Mu 2015 boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa intaneti ndi ma SMS, ndipo palinso VAT. Ndiye kuti lova akamatumiza kalata yofunsira ntchito pa imelo, boma ladya kale iye ntchito asanaipeze. VAT imeneyi kwa zaka zambiri inali pa 16.5 peresenti. Tiwerengere limodzi. Pa mlingo umenewu, ukagula katundu wa K1,165 mushopu, K165 si ya mwini shopu, ikupita ku MRA. Ukakwera minibasi kapena kabaza wa njinga yamoto, mu lita iliyonse ya petulo muli ndalama ya misewu, muli yopititsira magetsi kumidzi, ndi zina. Dalaivala sazitulutsa m'thumba mwake, amaziika pa mtengo wokwerera. Chimanga chilibe VAT, zoona, koma thumba lochokera ku Mchinji kupita ku Blantyre siliyenda lokha. Limakwera lole, lole imamwa dizilo, ndipo ikafika pa Kalinyeke ndi pa Chingeni imalipira. Zonsezo zimathera m'mbale ya nsima. Mayi wa tomato pamsika amadula chiphaso tsiku lililonse, agulitse asagulitse.

Palinso msonkho wina wosaperekera lisiti. Boma likamawononga zoposa zomwe latolera, limakongola, mitengo imakwera, kwacha imafooka. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Yemwe anasunga kandalama ka mpamba anagona ali nako, n'kudzuka kasakugulanso zomwe kankagula dzulo lake. Ndipo ngongole zomwe zikutengedwa lerozi adzabweze ndani? Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18. Odzabweza ndi amenewo, pamodzi ndi ife. Ndiye bwana, musatiuze kuti tikhale chete. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

*2. Chifukwa chake mawu oti msonkho amawawa*

Tsopano kwa inu anzathu omwe mwati msonkho ndi kuba. Sitikukunyozani. Mkwiyo wanu uli ndi pochokera, ndipo unayamba ife tisanabadwe.

Msonkho wa boma unafika kuno ndi atsamunda. M'zaka za m'ma 1890, nthawi ya Harry Johnston, anaika msonkho wa nyumba wa masheleni atatu pachaka. Anthu ambiri nthawi imeneyo sankagwira ndalama. Ndiye akaipeza kuti? Ku esiteti ya mzungu. Cholinga chinali chomwecho. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaukweza kufika masheleni asanu ndi limodzi, koma yemwe wagwira ntchito mwezi wathunthu kwa mzungu ankalipira theka. Wolephera kulipira ankamuotchera nyumba, nthawi zina ankagwira mkazi wake mpaka mwamuna atabwera ndi ndalama. Pamwamba pa zimenezo panali thangata. Pomwe Mbusa John Chilembwe ankaukira ku Chiradzulu mu January 1915, msonkho ndi thangata zinali m'gulu la zomwe zinkawawa anthu. Ndipo taonani ichi: bungwe lopanga malamulo la Nyasaland linakhazikitsidwa mu 1907, koma munthu wakuda woyamba analowamo mu 1949. Zaka zoposa 40 anthu ankalipira msonkho womwe palibe mmodzi wa iwo anafunsidwapo.

Ufulu utabwera mu 1964, msonkho wa mwamuna aliyense wamkulu unapitirira, ndipo panawonjezeka khadi la chipani. Funsani agogo anu akuuzani m'mene anyamata a Youth League ankaimira pakhomo la msika ndi pokwerera basi, wopanda khadi osalowa. Akuuzaninso za abambo omwe ankagona kuthengo akamva kuti amsonkho ali m'mudzi.

Ndiye n'zosadabwitsa kuti Mmalawi akamva za msonkho amaganiza zothawa. Koma pa 14 June 1993 makolo athu anavotera ndale za zipani zambiri, ndipo mu 1994 tinapeza malamulo atsopano oyendetsera dziko. Gawo 12 la malamulowo likunena kuti mphamvu zonse za boma zimachokera kwa anthu, ndipo olamulira amangosungitsidwa mphamvuzo kuti atumikire eni ake. Gawo 171 likuti palibe msonkho womwe ungatoleredwe popanda lamulo. Papepala, msonkho unasiya kukhala dipo lopereka kwa wamfuti, unasanduka pangano. Nkhondo yathu ndi yoti zomwe zili papepalazo zioneke pamsika ndi kuchipatala.

*3. Kodi msonkho ndi kuba?*

Ganizo limeneli si lachibwana. Ku yunivesite enafe tinawerenga za Robert Nozick, katswiri wa ku America yemwe mu 1974 analemba buku lotchedwa Anarchy, State, and Utopia. Mfundo yake tingaiike motere: munthu akagwira ntchito maola khumi, boma n'kutenga malipiro a maola awiri, ndiye kuti maola awiriwo wagwira mokakamizidwa. M'chinenero chathu tingati wagwira thangata. Kwa mdzukulu wa anthu a ku Magomero, mawu amenewa amalowa bwino m'khutu.

Koma tiyeni tiwayese. Tengani mwini golosale ku Limbe. Iye akuti phindu lonse ndi thukuta lake. Thukuta lilipodi. Koma katundu wake wadutsa pa msewu wa M1 womwe sanamange yekha. Mtsikana wa pa kauntala amatha kuwerenga chenje chifukwa anaphunzira pa pulayimale ya boma. Wina akamubera amathamangira ku polisi, wina akakana kubweza ngongole amapita ku khoti. Ngakhale kwacha yomwe akuiwerengayo ili ndi mphamvu chifukwa pali Reserve Bank ndi lamulo kumbuyo kwake. Chotsani zonsezi muone ngati golosale ingagone usiku umodzi. Akatswiri ena awiri, Liam Murphy ndi Thomas Nagel, anatsindika zomwezi mu 2002: chuma chomwe munthu amati ndi chake chimatheka chifukwa cha dongosolo lomwe msonkho umalipirira. Choncho si zoona kuti poyamba panali ndalama zako zoyera, kenako boma linabwera kudzaba.

Ife sitifunikanso mabuku akunja kuti timvetse zimenezi. Maliro akagwa m'mudzi, khomo lililonse limapereka ufa, nkhuni kapena kandalama. Palibe amati amfumu atibera. Aliyense amadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala ku Chilobwe mu March 2023, asilikali omwe ankafukula anthu, ma ambulansi ndi anamwino a ku Queens analipidwa ndi msonkho. Ndipo tisadziiwale ifeyo. Pulayimale yaulere yomwe inayamba mu 1994 ndi yomwe ambirife tinadutsamo. Enafe tinamaliza digiri ndi ngongole ya boma. Ndalama imeneyo inachokera kwa mayi wa tomato uja, yemwe mwina mwana wake sanafike ngakhale Fomu 2. Ife kuima lero n'kunena kuti msonkho wonse ndi kuba, ndi chimodzimodzi kuwoloka mtsinje kenako n'kuphwanya bwato.

Komabe pali mbali ina. Augustine Woyera, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, zaka zoposa 1,500 zapitazo anaphunzitsa kuti ufumu wopanda chilungamo susiyana ndi gulu lalikulu la achifwamba. Tanthauzo lake n'lakuti chomwe chimasiyanitsa wamsonkho ndi wachifwamba si yunifolomu kapena chidindo. Onse amatenga ndalama yako ngakhale usakufuna. Kusiyana kwake kuli pa chilungamo. Ndiye funso si lakuti tilipire kapena tisalipire. Funso ndi lakuti msonkho wachilungamo timauzindikira bwanji.

Yankho lili pakhonde pa amayi athu. Taonani m'mene banki m'khonde imayendera. Malamulo amapangana onse pamodzi asanayambe kuponya. Aliyense amaponya masheya molingana ndi mphamvu zake. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, ndipo ndalama zimawerengedwa mokweza pamaso pa aliyense. Msungichuma akangoyamba kunena kuti buku ndi lachinsinsi, gulu limatha tsiku lomwelo. Amayi omwe ena sanapite patali ndi sukulu anaipeza kale nzeru yomwe Capital Hill ikukanika. Kuchokera pamenepo tili ndi mafunso atatu oyezera msonkho uliwonse.

*4. Funso loyamba: kodi tinafunsidwa?*

John Locke wa ku England, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600, analemba kuti boma lisatenge chuma cha munthu popanda chilolezo cha anthu kapena cha nthumwi zawo. Anthu a ku America anaukira Britain mu 1776, ndipo china mwa zifukwa zake chinali misonkho yoikidwa ndi nyumba ya malamulo ya ku London momwe iwo analibe owaimira.

Ife aphungu tili nawo, ndipo bajeti imadutsadi ku Nyumba ya Malamulo. Koma tifunsane moona mtima: ndani pagulu lino anaonapo phungu wake atabwera kudzafunsa maganizo pa za msonkho asanakavote? Misonkhano yomva maganizo pa bajeti imachitikira m'mahotela a m'mizinda ikuluikulu, m'Chingerezi, ndipo oyankhula ndi a makampani ndi a mabungwe. Wakabaza kulibe. Mlimi wa nandolo kulibe. Kuvota kamodzi pa zaka zisanu si kupereka chilolezo cha chilichonse chomwe munthu angaganize ali mu ofesi.

Tinaziona mu 2011. Mayiko othandiza ataimika thandizo, boma linabweretsa bajeti yomwe ankaitcha zero deficit, n'kuika VAT pa zinthu ngati buledi, mkaka ndi nyama. Kuphatikiza ndi kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja, anthu anatuluka m'misewu pa 20 July, ndipo anthu 20 anaphedwa. Anzathu a ku Kenya anaziona mu June 2024, boma litafuna kuika VAT ya 16 peresenti pa buledi ndi misonkho ina. Pa 25 June achinyamata analowa m'nyumba ya malamulo ku Nairobi, ena anaomberedwa, ndipo mawa lake Pulezidenti William Ruto analengeza kuti sasainira bilu ija. Chomwe tikuphunzirapo si kuthyola geti. Achinyamata aja anayamba ndi kuwerenga bilu ndime ndi ndime, n'kuimasulira m'zinenero zawo pa TikTok ndi pa X, mpaka gogo wa kumudzi anadziwa chomwe akukana. Boma lomvera likanamva pamenepo, magazi asanakhetsedwe.

*5. Funso lachiwiri: kodi katundu wagawidwa molingana ndi mphamvu?*

Adam Smith, yemwe amalonda amamutenga ngati kholo lawo, mu 1776 analemba mfundo zinayi za msonkho wabwino. Yoyamba ndi yoti aliyense apereke molingana ndi kupeza kwake. Ina ndi yoti mlingo uzidziwika bwino, wotolera asamachite kuupeka pomwepo. Ngakhale m'chipembedzo zili chomwecho. Akhristu amakumbukira mayi wamasiye wa pa Marko 12 yemwe timakobidi take tiwiri tinaposa zopereka za olemera, chifukwa muyeso wake unali zomwe watsala nazo. Asilamu amapereka zakaat ya 2.5 peresenti, koma amapereka yekhayo yemwe chuma chake chafika pa mlingo woikika. Wosauka salipira, amalandira.

Tsopano yezani VAT ndi muyeso umenewu. Pa mlingo uja wa 16.5 peresenti, anthu awiri agula katundu yemweyo wa K11,650, aliyense walipira VAT ya K1,650. Woyamba amapeza K60,000 pamwezi pa maganyu. Kwa iye K1,650 ndi pafupifupi thukuta la tsiku lathunthu. Wachiwiri amalandira K6 miliyoni. Iye sanaimve n'komwe. Papepala alipira mofanana, koma pamsana katundu sakulemera mofanana. Wosauka amadya zonse zomwe wapeza, ndiye pafupifupi kwacha yake iliyonse imakumana ndi msonkho panjira. Wolemera amasunga zambiri, ndipo zosungidwazo VAT siizikhudza.

Ndiye pamwamba pake pali omwe lamulo limawakhululukira. Aphungu ndi nduna amaloledwa kulowetsa galimoto popanda kulipira msonkho wa pachipata, pomwe mnyamata woitanitsa kagalimoto koti aziyendetsa takisi amalipira mpaka kulira. Omwe amavotera misonkho ndi omwewo amadzichotsa pamzere. Ku mgodi wa uranium wa Kayelekera ku Karonga, boma linatsitsira kampani ya Paladin ya ku Australia gawo lomwe imayenera kupereka pa miyala yogulitsidwa, kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 peresenti m'zaka zoyambirira. Mu 2015 bungwe la ActionAid linawerengera kuti dziko linataya madola pafupifupi 43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi chifukwa cha kukhululuka kotere komanso njira zochepetsera msonkho. Mayi wa tomato palibe anamukhululukirapo chiphaso cha tsiku limodzi.

John Rawls, m'buku lake la 1971, anapereka njira yoyezera chilungamo yomwe tingaifotokoze chonchi. Tayerekeza usanabadwe, sukudziwa kuti ukabadwira ku Area 43 kapena ku Makhanga, ukakhala mwana wa nduna kapena wa mlonda, wamphamvu kapena wolumala. Ndiye akuuza kuti lemba malamulo a msonkho a dziko lomwe ukabadwiremo. Kodi ungalembe kuti bandulo ya wofunafuna ntchito idulidwe msonkho koma galimoto ya phungu ilowe ulere? Sungayerekeze, chifukwa mwayi waukulu ndi woti ukabadwira ku Makhanga.

*6. Funso lachitatu: kodi ndalama zafika kuti?*

Apa ndiye pali bala lenileni. Mu September 2013, mkulu woona za bajeti Paul Mphwiyo ataomberedwa, nkhani ya Cashgate inaphulika. Lipoti loyamba la akatswiri a Baker Tilly linapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, zambiri kupita ku makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse. Mayiko omwe ankathandiza pafupifupi 40 peresenti ya bajeti anaimika thandizo, ndipo wolipira anali wodwala wa kuchipatala cha boma. Mu 2020 anthu anamangidwa pa nkhani ya simenti ya mabiliyoni yomwe inalowa m'dziko popanda msonkho. Mu 2021 kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19 anaonetsa ndalama zambiri zitathera m'ma alawansi ndi kugula zinthu mosatsata ndondomeko. Mu 2022 K750 miliyoni ya feteleza wa AIP inalipidwa ku kampani ya ku Britain yodziwika ndi malonda a nyama. Mwaona kuti nkhanizi zachitika pansi pa maboma osiyanasiyana. N'chifukwa chake gulu lino silivala nsalu ya chipani chilichonse. Mitundu ya nsalu imasintha, koma bokosi likadali ndi loko mmodzi ndipo kiyi ali ndi munthu mmodzi.

Zotsatira zake timalipira kawiri. Talipira msonkho wa mankhwala, koma kuchipatala akutilembera kapepala kuti tikagule ku famase. Talipira wa chitetezo, koma khomo lililonse likusonkha ya alonda a m'dera. Talipira wa maphunziro, koma kusukulu akufuna ndalama ya chitukuko. Talipira chiphaso, koma chimbudzi cha pamsika chinatsekedwa kalekale ndipo zinyalala zafika m'chiuno. Wolemera akaona zimenezi amapita ku chipatala cholipira, amakumba mjigo wake, amaika sola. Wosauka alibe kothawira. Ndiye wakuba ndalama za msonkho sabera boma, boma silidwala malungo. Amabera mwana yemwe wagona pa benchi kudikira mankhwala omwe kulibe.

*7. Nanga tileke kulipira?*

Kukana msonkho poyera ndi njira yomwe anthu ena olemekezeka anaigwiritsapo ntchito. Henry David Thoreau wa ku America anagona m'ndende mu 1846 chifukwa chokana msonkho potsutsa ukapolo ndi nkhondo. Koma anakana masana, anapereka chifukwa chake, ndipo anavomera chilango. Zimenezo n'zosiyana ndi wamalonda yemwe amazembetsa katundu pa Mwanza kapena pa Songwe usiku, kapena wokana kupereka lisiti kuti VAT yomwe watidula ailowetse m'thumba. Woyambayo akukonza pangano, wachiwiriyu akubera ife tomwe.

Ife monga gulu sitikuitanitsa kunyanyala msonkho, ndipo zifukwa zake ndi izi. VAT ndi PAYE amadula tisanazigwire, palibe chokana pamenepo. Chomwe chimatsala ndi chiphaso cha pamsika, ndipo mavuto akabuka wolandidwa katundu ndi mayi wa tomato, osati ife olemba pa WhatsApp. Wodulitsa ziphaso ndi mnzathu wolandira malipiro ochepa, si iye anasaina za Kayelekera. Toll gate ikapsa, adzaimanganso ndi ndalama zathu zomwezi, ndipo kontirakiti yake adzadyapo omwe aja. Komanso thumba la boma likauma, oyamba kuvutika si nduna, ndi mphunzitsi, namwino ndi wodwala. Tikatero tawapatsanso chifukwa chotitchula zigawenga n'kuiwalitsa nkhani yeniyeni.

Koma ngati ochita malonda pamsika wina agwirizana okha, alemba madandaulo awo ku khonsolo, ndipo anena poyera kuti sadula chiphaso mpaka chimbudzi chitsegulidwe, ife tidzaima nawo ndi kuwathandiza kulemba. Kumeneko si kuzemba. Ndi eni bokosi kufunsa buku.

Ndipo tisanamizane kuti kuyankhula sikuphula kanthu. Anthu atadandaula kwa nthawi yaitali, bajeti ya 2022 inachotsa VAT pa mafuta ophikira ndi pa madzi a m'mipopi, komanso misonkho ya pa mapadi a atsikana ndi amayi. Msonkho amaika ndi anthu, ndipo anthu omwewo akhoza kuuchotsa.

*8. Zomwe tikufuna*

Izi ndi zomwe zili m'chikalata chomwe tikapereke:

1. Khonsolo iliyonse izimata pakhomo la msika, mwezi ndi mwezi, ndalama za ziphaso zomwe yatolera pamsikapo ndi zomwe yagwiritsa ntchito.

2. Unduna wa Zachuma ndi MRA azisindikiza chaka chilichonse mndandanda wa makampani ndi maudindo omwe akhululukidwa msonkho, kuchuluka kwake ndi chifukwa chake. Mapangano onse a migodi aikidwe poyera asanasainidwe.

3. Mwayi wa aphungu ndi nduna wolowetsa galimoto popanda msonkho uthe. Wovotera msonkho aziulawa.

4. Msonkho wa 10 peresenti pa intaneti uchotsedwe. Masiku ano intaneti ndi kalasi, ndi msika, ndi pofunsira ntchito.

5. Misonkhano ya bajeti ifike m'maboma onse, m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilhomwe, Chisena ndi zinenero zina, ndipo phungu aliyense achititse msonkhano m'dera lake asanakavote.

6. Milandu ya ndalama za boma ithe msanga, ndipo opezeka olakwa abweze. Zakeyu wa pa Luka 19 anali mkulu wa amisonkho, ndipo kulapa kwake kunali kubweza kanayi. Ife sitikupempha kanayi. Abweze zomwe anatenga, ndipo tiuzidwe kuti zobwezedwazo zagula chiyani.

*9. Zomwe aliyense achite kuyambira lero*

Mukagula katundu mushopu yodula VAT, itanitsani lisiti ya makina, musachite manyazi. Sungani malisiti ndi ziphaso za sabata imodzi, muwerengere msonkho womwe mwalipira, mulembe chiwerengerocho pa chikwangwani chanu. Tikufuna bwana aja adzawerenge okha.

Pitani pa chitukuko chilichonse cha m'dera lanu chomwe chinaima, kaya ndi mlatho, chipinda chophunziriramo kapena mjigo. Jambulani, lembani malo ndi zomwe zili pa chikwangwani cha ntchitoyo, mutumize kwa oyendetsa gulu. Osatumiza mphekesera kapena kutchula munthu kuti ndi wakuba popanda umboni. Bodza limodzi likhoza kugwetsa zoona zathu zonse.

Lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, motsatira gawo 37 la malamulo a dziko. Omwe munaphunzira zamalamulo ndi zowerengera ndalama, bwerani tithandizane kulemba makalata ofunsa makhonsolo. Madigiri ali m'sutikesi aja apeze ntchito pamenepa.

Za ulendo wokapereka chikalata: gawo 38 limatipatsa ufulu wochita zionetsero mwamtendere komanso popanda zida. Tikapereka chidziwitso kwa bwanamkubwa monga lamulo likufunira, ndipo tsiku ndi njira tidzalengeza pagulu pano pokha. Uthenga wina uliwonse wosachokera kwa oyendetsa gulu musaukhulupirire. Patsikulo osanyamula mwala, osagwira katundu wa mwini, osaopseza wogulitsa m'mbali mwa msewu. Tengani madzi akumwa, chiphaso cha unzika ndi malisiti anu. Wofuna kuyambitsa chisokonezo si wathu, muuzeni wotsogolera yemwe ali pafupi nanu.

Anzathu, sitikukana kusenza. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la dziko lino tikufuna tisenze nawo. Ambirife tikulakalaka tsiku lomwe tidzaone PAYE pa pepala lathu la malipiro, chifukwa lidzakhala tsiku loti tapeza ntchito. Chomwe tikukana ndi kusenza denga pomwe ena akhala pamwamba pake akudya. Tifunseni musanaike msonkho, gawani katundu molingana ndi mphamvu, ndipo tsegulani buku tiwerengere limodzi. Amayi a banki m'khonde amachita zimenezi sabata iliyonse. Boma lisatiuze kuti n'zosatheka.

 Tumizirani ena.

Komiti yoyendetsa gulu